Za Dzino la Abwana: Kalata Yochokera ku Joni

Johannesburg,
Ogasiti 2023.

Okondedwa Atsibweni,

Ndagwada pansi, ndipo ndikuwomba m'manja monga mwa mwambo wa kwathu, ngakhale kuti manjawo ali m'magolovesi a ubweya, kotero kuti kuwomba kwake kukumveka ngati thadzi lokupiza mapiko m'khola. Landirani moni wanga, inu ndi amayi, ndi azakhali, ndi onse a pa Katondwe amene akali kundikumbuka, osaiwala aja ndinawasiyira ngongole. Ine kuno ndili moyo mwa chifundo cha Mwini moyo. Chondisautsa ndi chisanu chokha, chimene sichilemekeza mkulu kapena mwana, ndipo chimalowa m'nyumba ya munthu osanena odi.

Kalata yanu inandipeza, ndipo nditaiwerenga kawiri ndinakhala pansi dzanja lili patsaya, pakuti mwalemba kuti mbiri yawanda kuchokera ku Feira kufikira ku mlatho wa Luangwa yakuti mwana wa mlongo wanu wasanduka dokotala wa mano ku Joni. Kuti anthu okhala pamzere pa chipatala cha mishoni akukulonjerani ndi ulemu umene sanakupatsenipo ndi kale lonse. Ndi kuti inunso mukuwerenga masiku kufikira ndidzabwere kudzatseka mpata uja m'kamwa mwanu, mmene mwatsala dzino limodzi lakutsogolo, loima lokha ngati mlambe pakati pa munda. Mlanduwu ndi wanga. Tsiku limene mlongo wanga anandiimbira foni ndinamuyankha mwachidule kuti, "Dula, ndikuzula dzino la abwana," ndipo sindinaname. Koma popeza mawu akayenda ulendo wautali amafika atanenepa, ndiloleni ndilongosole kuti dzinolo ndi la mtundu wanji.

Ntchito imene anandilembera ndi yosamala maluwa, kusesa pabwalo ndi kutsuka galimoto. Abwana anga ndi munthu wofatsa, wolipira pa tsiku lake, ndipo m'miyezi khumi ya chaka simungawapeze chifukwa. Koma Juni akamatha, pamene munthu aliyense wanzeru afunafuna mbaula, iwo amayamba kusuzumira pafoni nkhani za nyengo, namakondwera akamva kuti kuzizira kwakula. Inu amene madzi oundana mumangowadziwira m'mabokosi a amalonda a nsomba, amenenso Okutobala akafika mumagona panja chifukwa kutentha kwapyola madigiri 40, mudzavutika kundikhulupirira. Inenso ndinali Tomasi kufikira Lolemba pa 10 Julayi chaka chino, pamene chipale chinagwa mu Johannesburg muno kwa nthawi yoyamba chigwereni mu 2012, ndipo ndinaona ndi maso angawa ufa woyera ukutsika kumwamba, ufa wosaphikika nsima, akuluakulu a ndevu zawo akuuthamangira m'misewu monga ana athamangira ngumbi.

Tsono kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda uno, ulendo wa maola asanu kapena kuposerapo pa galimoto, kuli mapiri a Drakensberg, amene Azulu amawatcha uKhahlamba, ndiwo malire a dziko la Lesotho. Pakati pawo pali phiri lotchedwa Giant's Castle, lotalika mamita oposa 3,300, ndipo ku mbali yake ya kum'mwera, kumene dzuwa la nyengo yachisanu silifika chifukwa limadzera kumpoto, timitsinje totsika m'zigwembe timauma gwa tili chiimire. Taganizani mathithi amene wina wawalamula kuti akhale chete, nakhaladi chete. Ena mwa mathithiwo anawatcha Makaza, dzina lomveka ngati mawu a Chizulu akuti amakhaza, ndiko kuzizira. Kumeneko ndiko abwana ndi anzawo amapita kukakwera madziwo ndi zingwe ndi tinkhwangwa. Ndinafunsa ngati pamwamba pake pali njuchi, kapena masau, kapena manda a makolo awo, anati palibe. Akafika pamwamba amatsika.

Popeza phazi la munthu silingagwire pa khoma la ayezi, amamangirira kunsi kwa jombo chitsulo chotchedwa crampon, chimene ine ndimangochitcha chikhadabo. Mano ake ambiri amaloza pansi, ndiwo oyendera. Koma kumapeto kwa zala kumatuluka ena olunjika kutsogolo ngati minyanga ya njiri, ndipo awa ndiwo munthu amawakhomera m'khomalo monga womenya mpira, naimirira pa iwo thupi lonse lili m'malere. Ndikuuzeni chimene chidzakukondweretsani, inu amene mwakalambira pa chipala, amenenso munandikwapula kawiri chifukwa chothawa mvukuto: zikhadabozi zinabadwira kwa wosula mnzanu. Ku Courmayeur, m'dziko la Italy, patsinde pa phiri la Mont Blanc, banja la Grivel linkasula zipangizo za kumunda chiyambire 1818. Cha m'ma 1910, nthawi imene abambo a Jesuit ankawoloka Luangwa kuchokera ku Miruru kudzamanga mishoni kwathuko, Mngelezi wina wa ntchito za njanji, Oscar Eckenstein, anafika kwa Henry Grivel ndi chojambula cha zikhadabo za mano khumi, onse oloza pansi. Mu 1929 mwana wa Henry, dzina lake Laurent, anawonjezera mano awiri akutsogolo. Phindu lake linaonekera poyera mu Julayi 1938 pa khoma la kumpoto la phiri la Eiger ku Switzerland, pamene Anderl Heckmair ndi Ludwig Vörg, ovala mano khumi ndi awiri, anakwera mwaliwiro napeza Heinrich Harrer ndi Fritz Kasparek, amene ananyamuka tsiku lathunthu patsogolo koma ankachedwa ndi kusema makwerero m'ayezi. Ndipo anayiwo anamanga chingwe chimodzi, nafika pamwamba pamodzi. Pofika zaka za m'ma 1980 kunabuka ena onena kuti mano awiri achuluka, limodzi likwanira, ndipo mkangano umene unayamba pamenepo sunazilale kufikira lero.

Ndaumva mkanganowo pakhonde la abwana, nyama ikupsa pamakala, ine ndikuitembenuza, ndipo ndinaona kuti makolo athu anauyankhulira kale mbali zonse ziwiri asanaonepo ayezi. A mano awiri amati chala chimodzi sichiswa nsabwe: mano awiri amapatsa phazi pokhazikika, akatumba satopa msanga, ndipo ayezi akakhala wofewa kapena wowola, dzino limodzi limangomung'amba ngati mpeni pa papaya lakupsa, pamene awiri amagwira. A dzino limodzi amati mapanga awiri avumbwitsa: pa ayezi wouma ngati botolo mano awiri amaswa chibenthu chonse, pa thanthwe dzino lina limakankha linzake ndi kulichotsa pamene linagwira, koma limodzi limalowa m'kamng'alu, kapena m'kabowo kamene nkhwangwa yasiya, ndipo munthu angathe kupotoza chidendene uku ndi uku osazuka. Abwana anga, pokhala munthu wosafuna kukhumudwitsa mbali iliyonse, anagula zikhadabo zosinthika, zimene mano ake akutsogolo ndi omangidwa ndi bawuti. Ndipo apa ndi pamene udokotala wanga unayambira.

Kazulidwe kake nkotere. Umayala nsalu patebulo, pakuti tizitsulo take n'tothawathawa. Bawuti yaitali imapyoza kutsogolo kwa chikhadabo mopingasa, kudutsa m'mizu ya mano onse awiri, ndipo pakati pake pali timachubu tachitsulo ta misinkhu yosiyana, timene timasunga dzino lililonse pa malo ake monga mikanda pa ulusi. Dzanja limodzi limagwira mutu wa bawuti ndi Allen key, linalo limamasula kanati ndi sipanala. Ukasolola bawuti zonse zimakhuthukira pansalu nthawi imodzi, ndipo ngati sunaloweze mndandanda wake udzadziwa chifukwa chimene akulu ananenera kuti safunsa anadya phula. Dzino limodzi umaliika m'kachitini. Lotsalalo umalibweza, koma cha mkati pang'ono, kuti likhale pansi pa chala chachikulu, pakuti ndi kumene kuli mphamvu ya phazi. Kenako umatseka mipata ndi timachubu, n'kumanga kanati, n'kugwedeza dzinolo kuti uone ngati likusewera. Kunsi kuli kambale ka pulasitiki koletsa chipale kuunjikana kuphazi, nako kabwerere pa malo ake. Pomaliza umanola, ndi tupa basi. Makina amagetsi abwana anandiletsa, ati moto wake umafewetsa chitsulo, mawu omwewo amene inu munkandiuza ndili mwana, kusiyana kwake kungokhala kwakuti iwo sananditsine khutu.

Usiku wa ulendo anandiuza kuti zikhadabo zonse ziwiri ndizisandutse za dzino limodzi. Chakumanja ndinachichita bwino ndithu, ndipo mtima wanga unadzikuza. Tsono pofika pa chakumanzere ndinati kuganiza n'kutaya nthawi, ndingotsanzira chinzake. Ndinaiwala kuti mapazi a munthu si mapasa, koma ali ngati akazi a pamitala, amene nyumba zawo zimayang'anizana ndipo chilichonse amachita mosemphana. Motero dzino lakumanzere ndinaliika cha kunja, pansi pa tizala tating'ono tija timene ntchito yake pa dziko lino ndi kupunthwa pa mwendo wa bedi. Ndinalongedza zonse m'chikwama, ndipo ndinagona tulo ta munthu wolungama.

Abwana anali atandipempha kuti ndiwaperekeze kukathandiza kusenza katundu, ndipo ine, pofuna kuona dziko, ndinavomera. Walira mvula walira matope. Tinayenda tsiku lathunthu kuchokera pamene galimoto imathera, chikwerekwere, tinagona m'hema pamwamba, ndipo pakucha madzi a m'botolo langa anali mwala, nsapato zanga zili gwa ngati mlamba wowamba wa chaka chatha. Kukali mbuu abwana anavala zikhadabo zawo, nayang'ana mapazi awo nthawi yaitali, ndipo anandiitana ndi liwu lofatsa lija loopsa kuposa kukalipa. Mano onse awiri anali kuloza kumanzere, ngati mbuzi ziwiri zoona chimanga mbali imodzi.

Sanandinyoze, anangondipatsa sipanala. Atsibweni, ntchito imene patebulo imatenga nthawi yowiritsa madzi a tiyi, kumeneko inakhala chilango cha machimo anga onse. Ndi magolovesi sungagwire kanati. Ukavula, chitsulo chimaluma khungu ngati khala lamoto, ndipo posachedwa zala zimasanduka za munthu wina. Nditasolola bawuti ndinaika timachubu pakamwa kuti tisatayike, monga amachitira akalipentala ndi misomali, ndipo kamodzi kanandimatirira pamlomo. Ndikulimbana nako, kanati kanapulumuka m'zala zanga, kanagwa, kugwa kwake osamveka. Amuna anayi tinagwada m'chipale, matochi ali pamphumi, kupapasa ngati amayi otola mtedza wotsalira m'munda, ndipo ine mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera mtengo wa basi ya ku Lusaka. Kanapezeka mumpindiro wa thalauza lija munandipatsa pochoka, limene ndinalivala pamwamba pa mathalauza ena awiri, ndipo ndinalipinda m'miyendo chifukwa ndinu wamtali kundiposa. Chotero ulendowo munaupulumutsa ndinu, muli khale pa Katondwe, kapena mukudzipepesa ndi kutentha pansi pa mtengo.

Masana ake ndinakhala pamwala, nditafunda zonse zimene ndinali nazo, kuyang'ana abwana ali pa khoma lonyezimira ngati galasi. Ndinawaona akuponya nkhwangwa, nadzikoka, kenako n'kulowetsa dzino lija m'kabowo kamene nkhwangwa inachoka, mwakachetechete, monga mayi alowetsa ulusi pa singano. Ndipo pamene ndinazindikira kuti munthu wamkulu chotere, ndi ana ake a pasukulu, ndi malipiro anga a mwezi uno, zonse zalendewera pa kanati kamene ndinamanga ine ndi zala zakufa, ndinapemphera mapemphero onse amene asisitere anatiphunzitsa, ndi ena amene ndinangopeka pomwepo. Anatsika amoyo, akuseka, ndevu zili mbee. Madzulo m'hema, atapangana ndi anzawo kuti mawa lake akakwera pa ayezi wofewa wosakanizika ndi chipale, ananditembenukira nati, "Mawa tibwezere mano awiri."

Mukandifunsa ine kumene ndaima pa mkanganowu, ndili ndi a dzino limodzi, ndipo umboni wanga sindinautenge kuphiri. Zaka khumi ndakhala ndikukuonani mukusenda mzimbe ndi dzino lanu lija, mukupulula nalo chimanga chowotcha mzere ndi mzere, ana a mano odzaza m'kamwa akutsalira m'mbuyo. Chimene anthu olemera a kuno amachifuna ndi sipanala ndi ndalama zambiri, inu munachilandira kwaulere kwa ukalamba, ndipo chanucho chilibe kanati kotayika. Sindikuona chifukwa chobwerera kudzachiwononga.

Za malata zija, ndatumiza theka la ndalama; theka linalo ndinagulira jekete, ndipo mukawerenganso bwino kalatayi simudzandiweruza. Anthu a pamzere aja musafulumire kuwawongola. Ulemuwo uyambe wakhalako kufikira Khirisimasi. Mu phukusi limene likubwera pa basi mwapezeka shuga, sopo wa amayi, ndi sokosi imodzi yomanga mfundo, mmene ndakulungamo dzino lakale limene abwana analitaya litatha ndi kunola. Mukaliyese pa chipala, muone ngati chitsulo cha ku Ulaya chiposa cha sipuling'i ya galimoto chimene mumasulira nkhwangwa, ndipo mundilembere. Amayi ndawauza kale pafoni kuti akuyang'anireni pomasula sokosiyo, kuti musaliyese m'kamwa.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu wa ku Joni.