Kafunsidwe ka munthu wogawana naye lendi ku Kasungu

Kufunsa mafunso munthu wofuna kudzagawana naye nyumba ndi mwambo umene mabatchala a pa boma la Kasungu amaukumbukira lendi ikawakulira. Wofunsa amakhala pa mpando umodzi wokhawo wa m'nyumbamo, mlendo n'kumukhazika pa chigubu cha madzi, kuti zidziwike msanga kuti wamkulu ndani.

Funso loyamba ndi la ndalama, ndipo kuno kufunsa za ndalama n'kufunsa za fodya. Msika wa Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo n'kuyenda miyezi yowerengeka chabe, pamene alandilodi amagogoda miyezi yonse 12. Choncho yankho loti "Ndidzalipira mabelo akatuluka, achimwene" limafunika kulifufuza: mabelo angati, a ndani, ali kuti? Kawirikawiri amapezeka kuti ndi a amalume ake a ku Chamama, ndipo fodyayo akadali m'chigafa. Munthu wotere mu Meyi amabwera ndi kanyenya wa mbuzi tsiku lililonse ndi sipika yaikulu ngati kabati. Pofika Januwale sipika ili kwa wakatapila, mwini wake ali pa bonya wa mnzake, ndipo amadya modandaula kuti mchere wachepa.

Kenaka pamabwera za magetsi. Mayunitsi amagulidwa mosonkherana, koma mphika umodzi wa nyemba pa hotipuleti umatha kugonetsa nyumba yonse mumdima. Wokonda nyemba alonjeze mbaula, pamaso pa mboni.

Za mpira sizichedwa: wa Maule ndi wa Manoma angathe kukhala limodzi ngati wailesi ndi ziwiri. Za mkonono palibe amavomera, kuphatikizapo wofunsayo, amene aneba amamumva kuseri kwa mpanda. Chofunika kuchifatsira ndi alendo. Nyengo ya msika, achibale a ku Santhe ndi ku Wimbe amabwera kudzaona ngati ndalama zalowa ku banki, amati agona usiku umodzi, mphasa n'kukhala choyala sabata yathunthu.

Pomaliza, mlendo amapatsidwa mpata wofunsa, ndipo amafunsa limodzi lokha: "Nanga amene munkakhala nawo anachokeranji?" Apa wofunsa, monga amachitira mlembi wa nkhani ino, amayamba za mvula ya chaka chino. Mlendo wochenjera sakakamira. Amatsazika mwaulemu n'kukaima pa benchi ya amayi ogulitsa tomato pakhomo loyandikana. Amayiwo ali ndi kope la ngongole, ndipo dzina la wofunsa lili pa tsamba loyamba, lachiwiri ndi lachitatu.