Nkhwangwa Sitikwirira

Zisankho zikangotha, nyuzipepala za ku Lusaka zimadzaza ndi mawu amodzimodzi: akuti andale achite "bury the hatchet". M'chinenero chathu ndiye kuti akwirire nkhwangwa. Tanthauzo lake n'kusiya ndewu n'kuyanjana. Mawuwa anachokera ku North America, komwe mitundu ngati ya Iroquois inkakwiriradi zida pansi ikapangana za mtendere.

Mlamu wanga wa ku Chongwe nditam'masulira, anandiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mamawa.

"Alamu, mwati nkhwangwa? Kuikwirira? Nanga mpini chiswe chikadya?"

Sindinam'tsutse. Imani m'mbali mwa Great East Road tambala atangolira, muone njinga zitasenza matumba a makala, anayi kapena asanu, eni ake akukankha pachitunda thukuta lili kamukamu, ulendo wa ku Lusaka. Thumba lililonse linayambira pa nkhwangwa. Munthu ameneyo mukamuuza kuti aikwirire, ndewu ndiye mwaiyambitsa. Mitengo yokha ya ku Chongweko ndi imene ingaombe m'manja.

Kwathu mlandu umatha mwina. Mumakhala pansi kwa anyakwawa, wolakwa amagwira nkhuku, kenako nonse mumapisa dzanja m'mbale imodzi. Nkhwangwa imatsala pomwe inali, kuseri kwa chitseko.

Komanso wokwirira saiwala malo. Andale athu amaika ndi kamwala pamwamba, chifukwa pakatha zaka 5 amabwera ndi khasu.

Tsono olemba nyuzi, chonde, muziwauza kuti adye nkhuku.