Kope la ndalama za pakhomo: miyezi ya kafukufuku wa mapapo a amayi

Zotuluka pa ulendo uliwonse wa ku chipatala

Kabaza wa njinga yamoto, kuchoka pakhomo kukafika pa siteji, ndi pobwerera: K4,000. Amakwera ndi amayi okha, ine ndimatsatira wapansi. Chitunda cha kwathu sangachikwerenso osaimaima, befu atawagwira.

Minibasi, anthu awiri, kupita ndi kubwera: K8,000. A kafukufuku amawerengera munthu mmodzi, mwini mapapo. Koma munthu wobanika satumizidwa yekha m'tauni.

Tiyi ndi mbatata zootcha za masana: K3,000.

Benchi yanga ya tomato kukhala yotseka tsiku lonse: phindu la K6,000 losalowa. Tomato wofewa amene ndimagulitsa motchipa mawa lake sindinamuwerengere.

Zolowa pa ulendo womwewo

Envulopu ya a kafukufuku: K17,500. Makomiti oteteza anthu olowa m'kafukufuku m'dziko muno anaika kuti munthu azibwezeredwa ndalama yofanana ndi madola 10 a ku America pa ulendo. Si malipiro, ndi yobweza zimene wawononga, ndipo imabwera yokwana nthawi zonse. Tikachotsa mayendedwe ndi chakudya imatsala K2,500. Tikaika benchi, pakhomo patuluka K3,500.

Zotuluka kamodzi kokha

Mayunitsi oimbira amalume kumudzi: K1,000. Amayi anakana kudinda chala pa chikalata cha chilolezo alongo awo asanamve. Amalume anafunsa chimodzi: magazi atenga ochuluka bwanji? Iwo amakhala ku Mulanje, kumene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017, choncho funso lawo silinali lachibwana. Ndinapita nalo kwa namwino, iye anandionetsa timabotolo take, ndipo ndinawaimbiranso. Anavomera.

Masana athunthu omvera chikalata cha chilolezo. Anachiwerenga m'Chichewa, tsamba ndi tsamba, pamaso pa mboni yosagwira nawo ntchito. Anabwereza kawiri kuti amayi akhoza kutuluka tsiku lililonse ndipo chithandizo chawo cha nthawi zonse sichingaime. Pepala lathu lili m'sutikesi, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala.

Makasitomala awiri amene anasiya kugula pa benchi. Wina anamva kuti pakhomo pathu pali chifuwa chachikulu, wina kuti tikugulitsa magazi. Mtengo wake sindinaulembe.

Zotuluka m'thupi la amayi

Mpweya. Tsiku loyeza sapopera mankhwala m'mamawa, chifukwa makina amafuna kuona mapapo mmene alili enieni, ndiye ulendo wopita umakhala wolemera kuposa masiku onse. Akafika amawakhazika pampando, amawatsina mphuno ndi kachipangizo, amawapatsa kapaipi kuti alume ndi kutseka milomo. Amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, kenako kuuzira ndi mphamvu zonse, namwino akufuula kuti pitirizani, pitirizani, pitirizani. Mitsempha ya m'khosi imatuluka, maso amalengeza misozi, mapeto ake ndi chifuwa ndi makhololo. Pamafunika mauziro atatu abwino, ndipo oipa sawerengedwa. Akatero amawapopera salbutamol, amadikira mphindi 15, n'kuyambiranso. Makina amayerekeza mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba ndi mpweya wonse umene munthu watulutsa. Ngati wa m'sekondi yoyambayo sufika magawo 70 pa 100 ngakhale atapopera, njira za mpweya n'zotsekeka. Wa amayi sufika.

Miyendo. Kuyenda mphindi 6 m'khonde, kupita ndi kubwerera, kachipangizo koyeza mpweya wa m'magazi kali pachala. Kupuma n'kololedwa koma wotchi siima.

Tsiku lotsatira lonse, chigonere pamphasa. Madzi ndi nkhuni za tsikulo zimagwera mdzukulu wawo akaweruka kusukulu.

Piritsi limodzi tsiku lililonse, osadziwa ngati muli mankhwala. Anthu anagawidwa mwamaere pa kompyuta, ena alandire mankhwala enieni, ena piritsi lofanana nalo lopanda kanthu, ndipo namwino nayenso sadziwa ali mbali iti. Izi zinandivuta masiku ambiri. Tsopano ndimaona kuti palibe njira ina yoona: amayi amapezako bwino nyengo yotentha, n'kudwalanso mu June ndi July, ndiye popanda gulu lofanizira tikanatamanda piritsi pa ntchito ya dzuwa. Mabotolo timabweza ndi otsala ake kuti awerenge.

Zolowa zosagulidwa

Dzina la matenda. Zaka zambiri ankauzidwa kuti ndi mphumu. Makhololo anayezedwa kangapo, chifuwa chachikulu osapezeka, n'kubwerera ndi mapiritsi a masiku asanu. Tsopano m'buku mwalembedwa COPD. Njira za mpweya zinachepa ndipo sizidzabwerera mwakale, mankhwala amangopeputsa ndi kuchepetsa masiku obanika kwambiri. Ambiri matendawa amawatenga ku fodya. Amayi sanasutepo. Aphika pa mafuwa m'khitchini yopanda zenera kuyambira ali mtsikana. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 matendawa anapha anthu 3.23 miliyoni, kukhala achitatu pa matenda opha anthu padziko lonse, koma m'dera lathu sindinakumanepo ndi munthu wodziwa dzina lake.

Kapoperedwe koyenera. Ankapopera m'kamwa n'kumeza, mankhwala n'kuthera pa lilime. Namwino anaboola pansi pa botolo lapulasitiki la theka la lita, analowetsa inhela pabowopo, amayi n'kumakoka mpweya pang'onopang'ono kukamwa kwa botolo. Mtengo wa botolo: K0.

Nambala ya foni yoimba usiku akabanika. Taimbapo, ndipo anayankha.

Zotuluka chifukwa cha zimene tamva

Mmisiri woboola mazenera awiri m'khitchini: K15,000. Chitetezo mbaula: K5,000. Ndinagula ndikudziwa kuti kafukufuku wamkulu wa mbaula zochepetsa utsi ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, sanapeze kuti chibayo cha ana chatsika. Anapeza kuti ana opsa ndi moto anachepa. Mabanja masauzande analandira alendo a kafukufuku zaka ziwiri kuti yankho limenelo lipezeke, ndipo ndi yankho lothandiza ngakhale silinali limene ankayembekeza. Lathunso likhoza kutuluka lotero. Amayi ndinawauza, ndipo akumwabe piritsi lawo. Kuphika ndinawaletsa, koma ndikachoka amabwerera pamoto.

Ngongole zathu

Kwa mayi woyandikana nane benchi, amene amandisungira malo: sopo mmodzi pa mwezi. Ku banki m'khonde: K20,000 ya mazenera ndi mbaula, kuphatikiza chiwongoladzanja.

Zimene tikuyembekeza kulandira

Zotsatira, zofotokozedwa m'Chichewa, amayi ali pomwepo. Kuuzidwa mbali imene anali. Yankho la funso limene ndinafunsa tsiku lodinda chala: mankhwalawo akapezeka kuti ndi othandiza, adzafika pachipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo pa mtengo wanji? Anati adzafotokoza pa msonkhano wotseka kafukufuku. Ndaika kale padera K12,000 ya kabaza ndi minibasi ya tsiku limenelo.

Mwezi wamawa

Kafukufuku akatha, inhela sidzabweranso ndi envulopu. Pachipatala cha kwathu imapezeka mwezi wina, mwezi wina ayi. Kufamase ndi K9,000, yopopera maulendo 200. Ndalamayo ichokera pa ndiwo.