Walira Mvula Walira Matope: Za Makina Oswetsera Mazira

Makina oswetsera mazira amagwira theka la ntchito ya thadzi. Kwenikweni amangotenthetsa, zotsalazo zambiri amasiyira mwini wake. Akale adati walira mvula walira matope, ndipo munthu wofuna anapiye ambiri nthawi imodzi osadikira nkhuku yofungatira walira matope a masiku 21. M'masiku amenewa thadzi ndi iyeyo, kungoti alibe nthenga.

Matope oyamba ndi kutentha. Makina okhala ndi fani amafuna madigiri 37.5. Opanda fani amafuna pafupifupi 38.5 poyeza pamwamba pa mazira, popeza mpweya wotentha umakwera n'kusiya pansi pozizira. Nkhuku sidapiteko kusukulu koma muyeso umenewu siuphonya. Munthu ali ndi themomita, komabe amauphonya, makamaka akamakhulupirira nambala yowala pa makinawo. Nambalayo imatha kunama, choncho themomita yachipatala iikidwe pambali pa mazira ngati mboni yachiwiri. Mlandu wonse amaulula ndi anapiye eni ake. Akaswa pa tsiku la 19 kapena la 20, michombo ili yosapola, ndiye kuti munkatentha kwambiri. Akachedwa mpaka la 22 kapena la 23, ali ofooka, munkazizira. Kutentha kopyola muyeso kumapha msanga kuposa kuzizira, n'chifukwa chake makinawa saikidwa pawindo lolowa dzuwa, makamaka mu Okutobala m'nyumba yamalata. Magetsi akathima, afunditsidwe bulangete ndipo asatsekulidwe. Mazira amapirira maola angapo. Amene sapirira ndi mwini wake.

Pa chinyezi m'pamene mwambiwu umafika penipeni, chifukwa apa madzi ndi enieni. Dzira limapuma kudzera m'timabowo ta chigoba chake, ndipo pofika tsiku la 18 liyenera kutaya pafupifupi 12 peresenti ya kulemera kwake. Madziwo akamatuluka, kumbali yaikulu ya dzira kumakula kathumba ka mpweya komwe kamwanapiye kamayambira kupuma. Masiku 18 oyamba chinyezi chikhale 50 mpaka 55 peresenti, atatu otsiriza 65 mpaka 70.

Mlimi wachifundo amaganiza kuti madzi ambiri ndiye chikondi. Amadzaza timbale tonse, kathumba kaja sikakula, ndipo kamwanapiye kamafera m'dzira katakhwima kale, kutangotsala kugogomola. Mnzake woumira, ngakhale madzi ndi aulere, amaiwala kuthira. Nembanemba imauma n'kumata kamwanapiyeko, kamabowola chigoba koma kutembenuka osatheka. Chinyezi chimadalira kutambalala kwa madzi, kuya kwake kulibe ntchito: mbale yaphanthiphanthi imanyowetsa mpweya kuposa kapu yodzaza. Chikachepa, siponji yonyowa imathandiza. Chikachuluka, mbale imodzi ichotsedwe, timazenera ta mpweya titsekulidweko. Nyengo nayo imalowerera: madzi okwanira mu Seputembala amasanduka chigumula mu Januwale. Woweruza wosakondera ndi tochi. Kuwalitsa dzira mumdima pa tsiku la 7, la 14 ndi la 18 kumaonetsa ngati kathumbako kakukula bwino.

Mazira atembenuzidwe katatu kapena kasanu patsiku, ngati makina sachita okha, mpaka tsiku la 18. Kuchokera pamenepo chivindikiro chisakhudzidwe. Lamuloli ndi limene limathyoledwa kwambiri, chifukwa dzira loyamba likangolira, banja lonse ndi anansi omwe amafuna kusuzumira, ndipo kutsekula kulikonse kumathawitsa chinyezi chimene otsalawo akudalira. Kamwanapiye katha kukhala m'makina tsiku lathunthu osadya, popeza kamakhala katameza kale mbali yachikasu ya dzira lake m'mimba.

Oika mazira a bakha aonjezere sabata ina, pakuti a mitundu yambiri amaswa pa masiku 28, pomwe a zinziri amaswa pa 17 kapena 18. Dzira la nkhuku losaswa pofika tsiku la 24 lichotsedwe. Wofuna kudziwa chidalakwika alitsekule, koma dzira losukusa limaswedwera panja, kutali ndi khitchini.