Ku Los Santos Mafuta Satha

Kwerani, kwerani, watsala malo amodzi! Ya ku Los Santos iyi! Za pasipoti musavutike nazo, mzindawu uli m'gemu ya Grand Theft Auto, ija anyamata a m'mashopu a magemu amangoti GTA. Amakutula pakati pa tauni n'kukusiya kuti uone wekha chochita. Ndalama yokwerera bwezani m'thumba, abale anga. Galimotoyi nayonso si yathu.

Tiyambire ku Ndirande. Mayi wina anamva mwana wake akusimbira mnzake kuseri kwa nyumba: "Aise, dzulo ndinaba galimoto 7, basi imodzi, kenako ndinakatenga ndege pabwalo. Apolisi anandithamangitsa mpaka kuphiri koma sanandigwire." Mayi uja anakhala pansi, manja kumutu, misozi ili chuchuchu. Mwana anathamangira pomwepo: "Amayi, musalire, imeneyo ndi..." Mayi anamudula: "Khala chete! Galimoto 7, iwe, ine n'kumasenza chimanga pamutu popita kuchigayo?"

"Agogo, ndafika nyenyezi zisanu!" anakuwa mdzukulu wina, maso ali pa sikirini. Agogo anaimba nthungululu, poti nyenyezi zomwe ankazidziwa ndi zija aphunzitsi amajambula m'kope la mwana wokhoza. Apo n'kuti galimoto za polisi zili mbwee, masairini akulira mbali zonse, helikopita zikuzungulira pamutu pa mnyamatayo. Agogo anatuluka kukaitana aneba: "Bwerani mudzaone! Boma latumiza ndege kudzamutenga. Bambo ake anakhoza Fomu 4 koma sikunabwere ngakhale wilibala."

Dalaivala wa minibasi, atagona pamzere wa mafuta mpaka msana kuuma, analowa m'shopu ya magemu kukatchajitsa foni. Anaima kumbuyo kwa mnyamata amene ananyamuka ku Los Santos, kudutsa ku San Fierro, kukafika ku Las Venturas, n'kubwereranso osaima paliponse. "Mphwanga, mafuta wathira pati?" "Sizithiridwa mafuta izi, achimwene." "Olo lita imodzi?" "Olo dontho." Dalaivala anavula chipewa, anawerama, n'kunong'ona: "Ofesi yawo ya viza ili ku Lilongwe kapena konkuno?"

Kondakitala wake za mafutazo sanazimve n'komwe. Chinamuwawa iye n'chakuti mnyamata uja analanda basi yaikulu n'kuzungulira nayo tauni yonse mipando ili mbee. "Zakubazo ndakukhululukira," anatero. "Koma masiteji onsewa wadutsa osakweza munthu?"

Bambo wina amene anapuma ntchito ya upolisi wapamsewu anakhala pampando kuonerera mwana wake akusewera. Mwana anadutsa maloboti ofiira, anakwera mmene mumayenda anthu apansi, anagwetsa mtengo wa magetsi, bonati inauluka, chitseko chinatsala m'njira. Galimoto ya polisi inali pambali pomwepo, koma phee. "Sanakuimike?" "Ayi, adadi, bola osawagunda." "Laisensi sanafunse? Inshuwalansi? COF? Chozimira moto?" "Safunsa zimenezo." Bambo uja anapukusa mutu mwachisoni chenicheni: "Nanga ana awo amadya chiyani?"

Kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto kunabwera mnyamata wodzitama kuti iye wayendetsapo chilichonse, kuyambira thirakitala mpaka kasinja wankhondo. Mphunzitsi anati tiyese kaye za pakamwa. "Usanalize galimoto, choyamba kuchita n'chiyani?" Mnyamata sanaganize n'komwe: "Kutulutsamo mwini wake."

Tsopano za azakhali. Anapeza ana akuyamba kumene GTA San Andreas, ija ya 2004, pamene Carl Johnson, amene aliyense amangomuti CJ, wangotsika ndege. "Mwana wa yani wowonda chonchiyu?" "Ndi CJ, azakhali. Anakhala zaka zisanu ku Liberty City, wabwera kumaliro a mayi ake." "Zaka zisanu ali kunja?" "Eya." "Wabwera ndi vesiti yokhayi?" "Eya, ndalama apolisi amulanda panjira." "Njinga wakwerayo ndi yake?" "Ayi, waipeza mu kanjira." Azakhali anaomba m'manja kamodzi: "Uyu musandinamize kuti ndi wa ku America. Malume anu anabweranso chimodzimodzi kuchokera ku Joni, nkhani yake ya apolisi inalinso yomweyi."

Azakhali omwewo atamva kuti CJ akadya amanenepa, analanda padi. Anamulowetsa mu Cluckin' Bell n'kumugulira nkhuku, nkhuku, nkhukunso, mpaka mwana wa eni anasanza. Mawa lake anabwereza. Pofika Loweruka CJ anali chimunthu, akathamanga pang'ono wefuwefu. Ana analira kuti tsopano apolisi amugwira mosavuta. "Amugwire ndani?" anatero azakhali. "Munthu wa mimba yotereyo apolisi amamuchitira sawatcha."

Mkulu wina wa ngongole za katapila anaona chozizwitsa chotchedwa Pay 'n' Spray. Apolisi akukuthamangitsa, iwe ulowe m'galaja, chitseko chitsike, ulipire $100, galimoto ituluke ndi penti ina, basi onse okusaka akuiwala. Mkulu uja sanagone. M'mawa anagula chitini cha penti, chitseko chobiriwira chija chinasanduka chofiira, njinga nayo anaipaka, n'kukhala pakhonde mwendo pamwamba pa unzake. Wakatapila anafika, anayang'ana chitseko, anayang'ana njinga. "Zakongola, achimwene. Ndiye ya penti munaipeza, yanga ndi imene ikusowa?"

Wogulitsa mabokosi a maliro anaima pakhomo la shopu ya magemu n'kuona munthu akugwa kuchokera pansonga ya nyumba yosanja. Pa sikirini panalembedwa kuti "Wasted". Mkulu uja anavula chipewa, dzanja lina likufufuza kale tepi yoyezera m'thumba. Asanaitulutse, malemu aja anatulukira pakhomo la chipatala ali bwinobwino, atangodulidwa kandalama pang'ono, n'kuyamba kuthamangira galimoto ina. "Amatero tsiku lililonse?" "Olo kakhumi pa tsiku, madala." Mkulu uja anabweza chipewa kumutu: "Kumeneko chomwe chingafe osadzukanso ndi bizinesi yanga."

Abusa anabwera kudzayendera banja lina ndipo anamva mnyamata akufuula kuchipinda, zala zikugogoda pa kompyuta: "HESOYAM! AEZAKMI! HESOYAM!" Abusa anakweza manja: "Mayi, mwana wanu walandira malilime!" Anamuitanitsa. "Mwana wanga, kumasulira kwake ukukudziwa?" "Eya, abusa. AEZAKMI ndiye kuti apolisi asakusakenso. HESOYAM ndiye kuti moyo ubwerere wonse, galimoto ikonzeke, ulandirenso $250,000 pompopompo." Abusa anatseka maso kanthawi. "Ameni. Ndiye chakhumi chake ndi $25,000. Wanena kangati lero?"

Sing'anga wa tsidya lija la mtsinje atamva nkhani yomweyo anakwiya mpaka kutaya nsupa. "Ine ndimaitanitsa nkhuku yakuda, nsalu yofiira ndi ulendo wa kumanda pakati pa usiku. Uyu zilembo 7 zokha? Akutiphera msika ana amenewa!"

Aliyense amene anasewerapo San Andreas amaidziwa mishoni ya sitima ija, imene yaswetsa mapadi ambiri. CJ amayendetsa njinga yamoto, mnzake Big Smoke ali kumbuyo kuwombera adani amene ali padenga la sitima, ndipo ukatsalira pang'ono amakukalipira ngati njingayo anagula ndi iye. Anyamata atalephera mpaka kutopa, anakaitana katswiri weniweni, wakabaza wa njinga yamoto wa pasiteji. Anafika, anakhala pansi, anagwira padi, anamuyang'ana Big Smoke kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Kenako anaika padi pansi. "Uyu alipire pawiri, apo ayi akwere sitima yomweyo."

Kunyanja nakonso ziliko. Msodzi wina ku Nkhotakota anaonerera Vice City, ya 2002 ija, mmene muli Tommy Vercetti ndi malaya ake a maluwamaluwa. Tommy anawomberedwa, osagwa. Anagundidwa ndi galimoto, anadzuka n'kudzisasa fumbi. Kenako anaterereka padoko n'kugwera m'madzi, pomwepo n'kumira, poti m'gemu imeneyo munthuyu sadziwa kusambira. Msodzi anagwedeza mutu ngati wazindikira kalekale: "Ndamudziwa ameneyu. Anakhwimira zipolopolo, chizimba chake n'kusasamba."

Mu GTA IV, ya 2008, Niko Bellic ali pakati pothawa apolisi foni imalira. Ndi msuweni wake Roman, akuti tiye tikasewere bowling. Malume ena anaonerera zonsezi osadabwa ndi chilichonse: munthu kulumpha mlatho ndi galimoto, anangoti zimachitika, kugwa m'helikopita n'kudzuka, anangoti mwayi wake. Foni ija italira kachitatu anadzuka. "Msuweni akuimba yekha? Ndi mayunitsi ake? Osaflasha?" "Eya, ankolo." "Zimitsani. Bodza lina lizikhala ndi malire."

Michael wa mu GTA V ali ndi nyumba ya damu losambiramo, koma amapita kwa Dr. Friedlander kukakhala pasofa n'kumafotokoza mavuto ake, pomaliza n'kulipira ndalama zambirimbiri. Amayi ena pobwera kotunga madzi anafunsa kuti dokotalayo wamubaya jakisoni wanji. "Sabaya, amangomvetsera." "Basi? Ndiye n'kulipira?" Anatula ndowa. "Muuzeni bamboyo abwere pamjigo. Ife timvetsera ulere, ndipo pofika madzulo mudzi wonse ukhala ukumuthandiza kuganiza."

Mwini shopu wina wochenjera anazindikira kuti mu San Andreas wotchi imathamanga: sekondi imodzi ndi mphindi, tsiku lonse limatha m'mphindi 24. Mwana wasukulu anapempha kusewera ola limodzi, kulipira pomaliza. Itangotha mphindi imodzi mwini shopu analoza pakona ya sikirini: "Ola lakwana, mfana. Taona wotchiyo. Lipira." Mwana sanatsutse. Analoza pansi pa wotchi yomweyo, pamene pamalembedwa ndalama za CJ: "Tengani pamenepo, bwana. Chenji musunge."

GTA V itatuluka mu September 2013 inapanga $1 biliyoni m'masiku atatu okha. Wogulitsa ma CD okopera pamsika atauzidwa zimenezi anatsala pang'ono kugwa pampando. "Akuba amenewo, alibe ndi manyazi omwe! Ine yomweyo ndimagulitsa mtengo wa kabichi, n'kuikirapo filimu ya ku Nigeria ya basera."

Mkulu wa mpingo anapeza mdzukulu wake ali kalikiliki ndipo anafunsa kuti zimenezi zinachokera kuti. "Ku Scotland, agogo. Yoyamba anaipanga ku Dundee mu 1997, masiku ano amapangira ku Edinburgh." Nkhope ya mkulu uja inawala. "Ku Scotland? Kwawo kwa David Livingstone? Kumene kunachokera otimangira Blantyre Mission ndi Livingstonia?" "Komweko. Ndipo mu GTA V muno muli mamishoni 69, ine ndamaliza khumi ndi angapo." "Ambuye akudalitse, mwana wanga! Tandionetsa imodzi." Anakoka mpando, anavala magalasi. Pa sikirini anthu ovala zobisa nkhope analowa m'sitolo ya Vangelico, anaswa magalasi a mashelefu, anakokolola ndolo ndi mikanda yonse m'zikwama, n'kuthawa pa njinga zamoto. Mkulu uja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatsokomola. "Chopereka cha masiku ano akutolera mwamphamvu ndithu."

Nkhani ya ku Area 25 iyi inafika mpaka kwa ankhoswe. Mayi anamva bambo wa kunyumba akuuza mnzawo pafoni kuti ali ndi nyumba ku Rockford Hills, ina ku Vinewood Hills, ndiponso kanyumba ka malata ku Sandy Shores, ndipo amagona kumene kwawadera. Lamlungu masana ankhoswe a mbali zonse anakhala pabalaza. Bambo anabweretsa PlayStation, analumikiza pa TV, n'kuyamba kufotokoza thukuta lili kamukamu: "Taonani, akuluakulu. M'gemu muno muli anthu atatu, Michael, Franklin ndi Trevor. Ukadina apa umasanduka uyu, ukadinanso umasanduka winayu. Nyumbazo ndi za m'menemu." Ankhoswe anaseka, anapepesana, wina anayamba kale kufunsa ngati thobwa lilipo. Mayi anakweza dzanja. "Za nyumba ndamva. Nanga Amanda amene mumamutchula kutulo uja ndani?" "Aaa, ameneyo ndi mkazi wa Michael." "Michael ndi uti?" Bambo anadina batani, n'kuloza pa sikirini monyadira: "Ndineyo."