Mmene mungakhalire kazitape wa akasinja muli konkuno ku Kabwe

Chitsekereni mgodi mu 1994 ntchito zavuta, koma ukazitape sufuna satifiketi. Tauni yathu ndi yoyenereranso, poti makampu a asilikali a Chindwin ndi Kohima ali pompano, ndipo mayina akewo anachokera kunkhondo yolimbana ndi Japan ku Burma ndi ku India. Ndiye tcherani khutu.

Choyamba, dzina muzilikhulupirira ndi mtima wonse. Mu 1915 Angerezi atayamba kupanga akasinja, anawatcha "tank" pofuna kuti adani aziyesa mathanki a madzi. Inu mukamva zotero, nyamulani ndowa mukaime pamzere. Nawo Ajeremani anasula chilombo cha matani 188 n'kuchitcha Maus, ndiye kuti mbewa. Tengani khasu, muuze mayi a kunyumba abandike nsima.

Chachiwiri, nkhani muzikatola kumowa. Akazitape a mayiko olimbana ndi Hitler anati mu Ogasiti 1942 dziko la Germany linapanga akasinja 1,550. Anthu ena opanda ulemu, aja okonda masamu, ankangokopera manambala a kufakitale odindidwa pa akasinja ogwidwa kunkhondo, ndipo atawonkhetsa anati ndi 327. Nkhondo itatha mabuku a Ajeremani anaonetsa 342. Musawatengere amenewo. Munthu wobwera ndi 327 amauzidwa kuti zikomo. Wobwera ndi 1,550, akupuma mwawefuwefu, amapatsidwa mpando, tiyi ndi alawansi yoti akafufuzenso.

Chachitatu, musadzivute n'kuba mapulani, ingodikirani katundu asochere. Mu 1979 sitima ya pamadzi yotchedwa Astor inanyamula akasinja khumi a T-55 ochokera ku Libya kupita kwa Idi Amin. Ulamuliro wa Amin unagwa katundu ali m'njira, ndipo sitimayo inakakocheza ku Durban. Boma la South Africa linalanda onsewo, n'kusunga awiri kuti liwaunike bwinobwino, asanu ndi atatu otsalawo n'kupatsa Rhodesia. Kenaka panafala mphekesera yoti anawalanda ku Mozambique. Mphekesera yotere ikakupezani, ithireni mchere musanaipititse. Mukatero kakhaleni pasiteshoni ya sitima ndi chinangwa chootcha, maso ali pa mabogi. Odikira satopa.

Chachinayi, mukafunsidwa kuti kasinja munamuona ndi wamtundu wanji, musachite chibwibwi. Nenani kuti Tiger. Asilikali ambiri pankhondo yolimbana ndi Hitler ija ankatero akangoona mfuti yaitali ikusuzumira patchire, ngakhale kuti akasinja a Tiger I sanafike ndi 1,400 omwe.

Langizo lotsiriza lokha ndiye si nthabwala. Foni yanu isatuluke m'thumba mukamadutsa pageti la kampu. Lamulo la State Security Act la mu 1969 silidziwa kuseka, ndipo mukakalowa kundende ya Mukobeko, musadzati ndinakutumani ndine.