Za Liwiro la Galimoto ndi Liwiro la Pakamwa

Aliyense amene adakhalapo pa boma la Mwanza, ngakhale kwa masiku owerengeka okha, adziwa kuti katundu wambiri wochokera ku Joni, ku Harare ndi ku doko la Beira safika ku Blantyre asanayambe wapereka moni kwa ife. Pakuti msewu wa M6, umene uchoka pa Zalewa ndi kukwera mitunda kufikira pa chipata cha m'malire, kumene munthu akatuluka akafika pa Zobue m'dziko la Mozambique, udapyoza pakati penipeni pa malonda athu, kotero kuti chachilendo chilichonse chimene dziko lapansi lalingalira, chabwino ndi choipa chomwe, ife ndife oyamba kuchiona, ndiponso oyamba kuchikhumbira.

Makolo athu amene adapita kumigodi masiku a Wenela ankabwerako ndi njinga yakapalasa, bulangete ndi bokosi lachitsulo, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kudzaona ulemerero umenewo. Koma zidzukulu zawo, zimene zitsika njira ya ku Joni kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, zayamba kubwerako ndi galimoto zazifupi msinkhu, zotambalala matayala, zimene mimba yake itsala pang'ono kukhula pansi, ndipo mpope wake wa utsi adaukuza dala kuti ngakhale ogontha adziwe kuti mwini wake wadzuka. Mlonda wa pa nsanja ya ku Yezreeli adamzindikira Yehu akali kutali chifukwa cha kayendetsedwe kake ka galeta, koma iye adachita kuona ndi maso. Ife a ku Mwanza tizindikira anyamata athu tili m'nyumba, zitseko zili zotseka, ndipo amayi angonena ali pamtondo kuti uyo ndi wa Golf, uyo ndi wa Subaru, ndipo winayo ndi wa BMW ija idasweka nyali.

Tsono popeza nkosatheka kuti amuna awiri akhale ndi zinthu zofanana osakangana, eni galimoto zimenezi adagawanika pawiri, ndipo aliyense agwiritsa chiphunzitso chake ndi mtima wonse, wokonzeka kuchifera, makamaka ndi pakamwa. Gulu loyamba tilitcha a msewu woongoka, lachiwiri a m'makona.

A msewu woongoka aphunzitsa kuti ulemu wonse wa galimoto uoneka m'kanthawi kochepa, pamene ziwiri ziima pamzera umodzi, injini zikubangula, ndipo chizindikiro chikaperekedwa zinyamuka ndi kuthamanga mamita 402, wofika poyamba ndiye mwamuna, mlandu watha, apilo palibe. Chiphunzitso chimenechi sadachipeke okha, chidachokera ku America, kumene m'chaka cha 1951 Wally Parks adakhazikitsa bungwe la NHRA ku California, ndi cholinga chochotsa anyamata aliwiro m'misewu ya anthu ndi kuwalowetsa m'mabwalo otchingidwa. Ndipo lero galimoto zoopsa koposa za kumeneko zitha mamita 305 m'masekondi osakwana anayi, zili pa liwiro lopitirira makilomita 500 pa ola, mwakuti poima zichita kutambasula maparachuti kumbuyo. Amene adakhalako ku Joni asimba za bwalo la Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, ndipo asimba mwaluso lotero kuti womvera angayese adathamangapo okha, chikhalirecho ambiri ankasuzumira ali kuseri kwa mpanda. Mwambi wawo ndi umodzi, wakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma za cholinga chija cha Wally Parks, m'maulaliki awo simumveka.

A m'makona apeputsa zonsezi ndi kumwetulira kwachifundo, nanena kuti kuponda moto pa msewu woongoka ngakhale mwana wa sitandade 2 angathe, bola mwendo wake ufike. Luso lenileni, atero iwo, lili pokhota: kudziwa poponda buleki kona isanafike, kutsitsa giya pa nthawi yake, kulowa mofatsa ndi kutuluka mwamphamvu, ndi kusamala matayala ndi mabuleki kuti akufikitse kumapeto kwa ulendo. Nawonso ali ndi malo awo opatulika, amene awatchula lilime likupunthwa koma nkhope ili yaulemu: Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, lotsegulidwa mu 1961, kumene mpikisano wa Formula One udachitika komaliza mu 1993, Le Mans ku France, kumene kuyambira 1923 galimoto zizungulira usana ndi usiku kwa maola 24, ndi Nürburgring ku Germany, msewu wokhotakhota wa m'nkhalango wopitirira makilomita 20. Iwo akonda kukumbutsa anzawo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale palibe mmodzi mwa iwo amene adaonekapo atadekha pamene minibasi yamupitirira.

Wina angafunse kuti mipikisano imeneyi ichitikira kuti, popeza m'boma lathu mulibe bwalo lotere. Ndipo yankho lake ndi lakuti ichitikira pamthunzi pamene anyamata atsuka galimoto, injini zili zozima. Pakuti ngakhale matanki a mafuta ochokera ku Beira adutsa pakhomo pathu tsiku ndi tsiku, sadayambe agwetsapo dontho laulere, ndipo galimoto zimenezi zimwa koposa eni ake. Chifukwa chake nzeru idapezeka yakuti galimoto itsukidwe m'mawa, ipukutidwe masana, ndipo madzulo mwini wake aitsamire, makiyi akuzunguzika pachala, nathamange ndi pakamwa kufikira dzuwa litalowa.

"Alamu," atero wa msewu woongoka, akusisita boneti, "inu muchulutsa za makona chifukwa yanuyo ilibe mphamvu. Tiyeni tiime limodzi pamsewupo, muone ngati mudzaona kena koposa utsi wanga."

"Pepani alamu," ayankha wa m'makona, "nanga mukatha mamita anuwo mumapita kuti? Kodi njira ya kwa apongozi anu ndi yoongoka? Tsiku lija munabwerako ndi nthambi ya mnachesi pagalasi, idakwerapo yokha?"

Apo omvera aseka, mnyamata wotsuka uja naseka koposa onse, pakuti adziwa kuti onse awiri sadamlipire za sabata yatha.

Koma lidafika Loweruka lina, kumapeto kwa mwezi, pamene mawu adakula kotero kuti kubwerera kukadakhala manyazi, ndipo alamu awiriwo adathira mafuta a m'chigubu, nagwirizana kuti ayambe ndi mwambo wa msewu woongoka. Adatuma mnyamata kukayesa mtunda ndi mapazi, wina adavula malaya ofiira kuti akhale mbendera, ndipo anthu adandanda m'mbali mwa msewu, ena atakwera pa njinga zawo za kabaza kuti aone bwino. Injini zidabangula, agalu adathawa, malaya adagwa, ndipo galimoto zidalumphadi mwaukali. Koma zisanafike pakati pa mtunda wake zidapeza hampu, imene woyesa uja sadaiwerenge chifukwa mapazi ake sadakhumudwepo. Taonani tsono zilombo zija, zimene zidati zigwedeze dziko, zikuima ndi kukwera hampu chopingasa, tayala limodzilimodzi, eni ake atatulutsa mitu pazenera, akumvetsera ndi nkhope zachisoni mmene mimba ya galimoto ikukhulira simenti. Atangotsika apo adakumana ndi mbuzi zitatu zimene zidali ndi msonkhano pakati pa msewu, ndipo kutsogolo kwa mbuzizo kudali thiraki ya ngolo ziwiri ikukwawa kulunjika kuchipata, yosadziwa konse kuti kumbuyo kwake kuli mbiri ikulembedwa. Pa nthawi yomweyo Sienta ina yotuwa, yodzaza anthu kufikira kubuti, thumba la makala likusuzumira kumbuyo, idawalambalala onse awiri mosatekeseka, dalaivala wake akudya nachesi, ndipo mayi wina wogulitsa manachesi pambali pa msewu, poona kuti mabwana aima pamaso pake, adayandikira ndi lichero nati, "Bwana, otsekemera awa, tengani mulu umodzi mupoze pakhosi."

Wa m'makona adalengeza pomwepo kuti choonadi chaoneka, ndi kuti mawa lake adzasonyeza luso pa njira ya ku Thambani, kumene makona ake adalengedwa ndi Mulungu mwini. Ndipo kunena zoona, makona awiri oyamba adawadutsa mwaulemu, akutsitsa giya monga mwa chiphunzitso. Koma mvula idali itagwa usiku, ndipo galimoto imene idapangidwira phula losalala la ku Ulaya idafika pa chithaphwi china, nikhala pamimba, matayala akuzungulira m'malere, monga adachitira magaleta a Farao pakati pa Nyanja Yofiira. Adakhala pamenepo kufikira dzuwa litapendeka, nsapato zoyera zili m'manja, mpaka mkulu wina adabwera ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, namkoka, nalandira malipiro okwana kugula mafuta a ulendo wonse, ndipo pomasula chingwe mkuluyo adati mwaulemu, "Bwana, zangazi sizithamanga, koma sizidagonepo panjira."

Tsono tikati tiweruze mlandu wa magulu awiriwa mopanda tsankho, tipeza kuti aliyense ali ndi gawo lake la choonadi. Liwiro la msewu woongoka liyesa mphamvu ya injini, kugwira kwa matayala ndi changu cha phazi pa kamphindi koyamba, ndipo mphotho yake ndi kilatchi yopsa ndi matayala osalala. Liwiro la m'makona liyesa maso, mutu ndi kudziletsa kwa woyendetsa, ndipo mphotho yake ndi mabuleki otha ndi matayala odyeka m'mbali. Loyamba lifunsa kuti m'thumba mwako muli zingati, lachiwiri lifunsa kuti m'mutu mwako muli zingati. Ndipo pa chifukwa chimenechi, ndikadakakamizidwa kusankha, ndikadapatsa ulemu a m'makona, pakuti munthu wophunzira kuponda buleki pa nthawi yake waphunzira kanthu kamene kadzamthandiza ngakhale m'banja. Koma onse awiri akumana kwa makaniko, ndipo kumeneko kulibe wopambana: chitsulo chothyokacho sichipezeka pa Mwanza, mwina ngakhale ku Limbe, chichita kuitanitsidwa kwa mphwake wa mwini galimoto amene ali ku Joni kuti achikweze basi, ndipo pamene chili m'njira galimoto ikhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, mwini wake akukwera kabaza atavala magalasi akuda kuti asadziwike. Walira mvula walira matope.

Chimene magulu onse awiri aiwala, ndipo ndicho chachikulu, ndi chakuti ku Tarlton ndi ku Kyalami kumene atamandako, bwalo ndi lotchingidwa, woyendetsa avala chisoti cholimba namangidwa malamba, galimoto iyamba yayesedwa ndi akatswiri, ambulansi ndi ozimitsa moto adikira pambali, ndipo palibe mwana wa sukulu, ngakhale mbuzi, amene aloledwa kuwoloka. Msewu wathu wa M6 uli ndi eni ake ambiri: amayi a manachesi, ana opita kusukulu, akabaza onyamula matumba, odwala opita kuchipatala, ndi madalaivala a mathiraki amene ayenda masiku ambiri ali otopa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo chimene tiseka lero chifukwa chidathera pa hampu, tsiku lina chidzathera pa mwana wa munthu, ndipo pamenepo sipadzakhala woseka.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu alamu athu a msewu woongoka ndi inu a m'makona, kuti ngati mtima wanu ulidi pa liwiro, muleke kaye kukangana, musonkhe ndalama zimene mutayira pa mipope ya utsi, mupite mwaulemu kwa mafumu athu, a Kanduku kapena a Nthache, mukapemphe malo kutali ndi midzi, muwasalaze, muwatchinge, mugule zisoti, ndipo ife tidzabwera ndi mipando yathu kudzakuombereni m'manja. Kufikira tsiku limenelo, pitirizani kuthamanga pamthunzi paja, pakuti liwiro la pakamwa silidaphepo munthu. Koma mnyamata wotsuka galimoto uja mumlipire.